Mfuti Imene Abiti Jafali Sankaigwira

Ine ndi mayi anga timachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya Che Umaru, ku Chiuaula kuno ku Lichinga. Bwalo ndi limodzi, chitsime ndi chimodzi, ndipo zenera la chipinda changa limayang'ana pakhonde pawo. Nditamaliza sekondale ndinakhala pakhomo nthawi yaitali ndikudikira malo ku sukulu ya uphunzitsi. Zambiri zimene ndalemba pano ndinaziona pa zenera limenelo. Zakale anandiuza ndi mayi Ancha eni ake, pang'onopang'ono, masana ena tikusankha khobwe.

Mayi Ancha ndi akazi a Che Umaru. Amuna awo sawatchula dzina limeneli. Amawaitana Abiti Jafali, kutanthauza mwana wamkazi wa Jafali, monga amachitira Ayao. Ana a sukulu amangoti mayi a bajiya, zitumbuwa za khobwe zimene amagulitsa. Ndi aafupi, oonda m'mapewa, koma manja awo ndi aakulu ngati anawabwereka kwa munthu wina. Madzulo amaviika khobwe, m'mawa amamusinja mu mtondo pamodzi ndi adyo ndi mchere, n'kunyamula mbaula ndi chiwaya kupita pa chipata cha sukulu ya pulayimale. Bajiya zakupsa amazitola m'mbali mwa mafuta ndi zala zokha, ndipo sindinawaonepo akuuzira chala.

Anabadwira kumudzi wina kupitirira Chimbonila, kwa alimi a chimanga ndi nyemba. Ku sukulu sanapite. Atakula, kunabwera mnyamata wamtali amene anthu anamuitana kuti adzaphe nguluwe zimene zinkatha chimanga m'minda. Anapha ziwiri, n'kukhalako mpaka kukolola, kenako anafunsira mbeta. Pobwera kudzakhala kwa mkazi, monga mwa mwambo wakumeneko, anabwera ndi mkeka, bulangete, ndi mfuti.

Mfutiyo ndi ya mtundu wa mauza, ya nthawi ya Apwitikizi. Inali ya atsibweni a Che Umaru, amene ankalondola nyama kuthengo potsogolera mzungu wina, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira.

Ukwati usanathe sabata, mlongo wamkulu wa Che Umaru anaitanira mkwatibwi kuseri kwa nkhokwe.

"Mlamu, mverani," anatero. "Chinthu chija chili pakhoma mkazi sachigwira. Sachidumpha. Chikagwa, chisiyeni pansi mpaka mwini wake abwere. Mfuti ikagwiridwa ndi mkazi imazizira. Siiphanso nyama, ndipo mwamuna amene aigwire pambuyo pake imamutembenukira."

Mayi Ancha akuti sanafunse kuti imamutembenukira bwanji. Anangoti "Ndamva," n'kubwerera ku mtondo. Patapita zaka, shehe wina ku mzikiti ananena kuti zikhulupiriro zotere si za Chisilamu. Che Umaru anavomereza ndi mutu pamodzi ndi anzawo onse, n'kubwerera kunyumba kukapitiriza monga kale.

Nkhondo itafika kumudziko anathawa wapansi kubwera ku Lichinga. Mayi Ancha anasenza thumba la ufa, mwana ali kumsana. Panjira anapeza mtsinje utadzala, madzi ofika pachifuwa. Mayi Ancha sakanawoloka ndi katundu, ndipo Che Umaru sakanatha kunyamula zonse ndi mfuti yomwe, pomwe wowagwirira mfutiyo panalibe. Choncho anawoloka maulendo angapo.

"Anayamba ndi mfuti," anandiuza mayi Ancha, maso ali pa lichero. "Mwana anali wachiwiri. Ine ndi ufa tinatsiriza, koma sindikumbuka kuti pakati pa ine ndi ufa anayamba ndani."

Nkhondo itatha, Che Umaru anapereka ku boma zipolopolo zotsala pamodzi ndi kachitsulo kokokera chipolopolo, kotero mfutiyo sinalirenso kuyambira ine ndisanabadwe. Iwo anapeza ntchito ya ulonda pa sitolo ina m'tauni, atanyamula chibonga. Ana awo aakazi atatu anakwatiwa, wina ku Nampula, awiri ku Cuamba. Wamwamuna, amene anawoloka mtsinje uja, anamwalira ali mnyamata. Mfuti inakhala pa misomali iwiri pakhoma la pabalaza.

Kawiri pachaka, mvula ikatha ndi mvula isanayambe, Che Umaru ankaitsitsa n'kukhala nayo pakhonde dzuwa la m'mawa. Chitsulo sichinkawatengera nthawi. Ankachipukuta ndi kansanza ka mafuta a makina osokera, basi. Ntchito yeniyeni inali pa mtengo wa mfutiyo, umene iwo amautcha koronya. Ankayamba ndi nsalu youma, kenako nsalu yonyowa pang'ono ndi madzi ofunda a sopo, yofinyidwa mpaka osadontha. M'timizere tosemedwa pogwirira ankalowetsamo mswachi wakale. Ukauma, pamthunzi osati padzuwa, ankasungunula phula la njuchi m'kachitini pa mbaula, n'kuthiramo mafuta a nsatsi pang'ono kuti lisalimbe msanga ndi kuzizira kwa kuno. Ankalipaka mopyapyala motsata mzere wa mtengo, n'kudikira, n'kuyamba kupukuta ndi sokosi yaubweya mpaka mtengo utafunda. Pabwalo ponse pankanunkhira uchi.

Mtengowo ndi wofiirira, koma uli ndi malo awiri akuda. Kumanzere kwake kuli pomwe tsaya la Che Umaru linkatsamira polunjika nyama. Kumanja kuli pomwe pankatsamira tsaya la atsibweni awo, amene anali amanzere. Malo amenewa sankawatsuka ndi sopo. Ankangowazungulira.

Sankalola mwamuna wina aliyense kuwathandiza. Ankati mfuti imadziwa dzanja loidzoza, ndipo amene waidzoza phula ndiye mwini wake. Atsibweni awo powasiyira sanawapatse mfuti m'manja. Anangowapatsira kachitini ka phula n'kuwauza kuti, "Lero dzoza ndiwe."

Pa masiku amenewo mayi Ancha ankadutsa kutali ndi khonde. Akafuna kulowa m'nyumba ankazungulira khomo lakuseri. Sankaoneka okwiya kapena amantha. Ankachita monga munthu amalambalalira chithaphwi chimene chakhala panjira pake zaka zonse.

Chaka chatha, mvula ili pakati, Che Umaru anagwa pa chitsime akutunga madzi osamba asanapite ku mzikiti. Atabwera kuchokera kuchipatala, mbali yakumanja inali itafa. Mwendo unabwerera pang'ono, moti amatha kuima atagwira ndodo. Mawu anabwerera, ngakhale amatuluka mbali imodzi ya pakamwa. Koma dzanja lamanja linangoti lende, zala zitapindika. Bedi lawo analitulutsira pabalaza kuti azikhala pafupi ndi khomo, ndipo akagona maso awo ankagwera pa mfuti.

Mvula inatha, nthawi yodzoza inadutsa. Mtengo unachita nguwi yotuwa. Kenako pansi pa khoma panayamba kuoneka kaufa kofiirira, ndipo m'munsi mwa mtengo munatuluka timabowo tating'ono ngati tobaya ndi singano. Mayi Ancha ankasesa ufawo m'mawa uliwonse amuna awo asanadzuke. Mawa lake unkapezekanso.

Amene ananena poyera anali Américo, mwana wa mlongo uja wa kuseri kwa nkhokwe. Ndi bambo wa ana atatu, amagwira ntchito mu ofesi ndipo ali ndi njinga zamoto ziwiri zimene anyamata amanyamulira anthu m'tauni. Ndiye anathamangira nawo kuchipatala Che Umaru tsiku limene anagwa, ndipo ndiye amabweretsa mankhwala. Mwa mwambo wa kwawo, mfuti ya munthu imapita kwa mwana wa mlongo wake, choncho aliyense ankadziwa kuti tsiku lina idzakhala yake. Atsibweni akewo amawaitana tio, akazi awo tia, mwa Chipwitikizi.

"Tio, taonani ufawu," anatero atanyowetsa chala n'kuutola pansi. "Imeneyi ikudyedwa inu muli chipenyere."

"Ndikachira ndiidzoza."

"Mukachira! Ndipatseni ndipite nayo kwa kalipentala wanga. Akaipala ndi lisha, akaipaka vanishi, ikhala ngati yangotuluka kumene m'sitolo."

"Akaipala?"

"Ndi pepala lokhakhala lija lopalira matabwa. Zakudazi zikachoka zonse."

"Limenelo si dothi," anatero Che Umaru.

"Nanga si yanga kodi, tio?"

"Ndi yako. Ukakandiika kumanda, pobwerera udzadutse pano."

Américo anaseka. "Pofika nthawi imeneyo idzakhala itasanduka ufa yonse. Tia adzangophikira phala."

"Phala limenelo udzayambe kulawa ndiwe," anayankha mayi Ancha ali pakhomo la khichini.

Américo anasiya kuseka. Ananena kuti walankhula kale ndi akuluakulu a mtundu wawo kumudzi, ndipo onse avomera kuti chinthu cha makolo chisawonongeke chifukwa cha ulemu. Anati akupita kaye ku Cuamba ndi ntchito. Akabwerako n'kupeza mfuti ikadali momwemo, aitenga.

Kuyambira tsiku limenelo Che Umaru ankabweza chakudya chitangolawidwa. Mayi Ancha anawafunsa ngati angaitane bambo a nyumba yoyandikana nayo kuti adzaidzoze, iwo akuwalangiza. Anakana. Anayesa okha ndi dzanja lamanzere, koma dzanja limodzi silingagwire mfuti n'kupukutanso. Inkangozungulira pa maondo pawo.

Tsiku lina mayi Ancha anabwera kuchokera kumsika ndi chibuma cha phula chimene anagula kwa ogulitsa uchi ochokera ku Majune. Anachiika patebulo pafupi ndi bedi. M'mawa mwake sanapite kukagulitsa bajiya.

Dzuwa litafika pakhonde, ndinawaona akutuluka. Mayi Ancha anali atawagwira amuna awo m'chiuno, mutu ataupendeketsa kutali, ndipo Che Umaru anali atakumbatira mfuti ndi dzanja lamanzere. Anakhala pampando, n'kuigoneka pa maondo, atagwira paipi yake. Mayi Ancha anagwada kumanja kwawo. Ananyamula dzanja lakufa lija, n'kulikulunga ndi nsalu yonyowa, n'kuimanga pamkono ndi kansanza ka kapulana, chitenje chakuno. Ndiye anagwira mkono ndi chigongono, n'kuliika dzanjalo pa mtengo, n'kuyamba kuliyendetsa uku ndi uku.

Che Umaru anayang'ana dzanja lawo likuyenda.

"Abiti Jafali, zimene mukuchitazi n'chiyani?"

"Ine? Ndagwira amuna anga. Kodi zimenezonso n'zoletsedwa?"

"Mukukolopa ngati pansi pa chipatala. Tsatani mzere wa mtengo."

"Dzanja ndi lanu. Liuzeni."

"Apo ayi! Apo m'pa atsibweni. Zungulirani."

Anazungulira. Nguwi inachoka n'kutsala pa nsalu. Mayi Ancha ankamasula nsaluyo, kuichapa m'beseni, kuifinya, kuimanganso. Zala zawo zinkafika pafupi kwambiri ndi mtengo, koma sizinaukhudze. Pofika pa timizere ta pogwirira anapanikiza mswachi pakati pa zala zopindika zija, iwo n'kugwira zalazo pamwamba.

Ntchitoyi inatenga masiku angapo, chifukwa Che Umaru ankatopa msanga. Tsiku lotsatira linali la timabowo. Mayi Ancha anaviika nthenga ya nkhuku mu parafini, n'kuigwiritsa m'zala zomwezo, n'kumadonthezera bowo lililonse. Dzanja losamva silidziwa pomwe lili, choncho nthenga inkaphonya kawirikawiri.

"Mwaphonyanso," ankatero Che Umaru.

"Mlenje ndinu. Ine ndimangokazinga."

Madzulo amenewo Che Umaru anadya chakudya chonse. Ufa pansi pa khoma unachepa, kenako unaleka.

Tsiku lopaka phula kunazizira kwambiri, ndi kamphepo kochokera ku mitengo ya paini. Phula linkalimba lisanafike pa mtengo, moti mayi Ancha anakokera mbaula pafupi. Che Umaru anakana nsalu. Anati phula amapaka ndi khungu, chifukwa kufunda kwa munthu ndiko kumalilowetsa. Mayi Ancha anafunditsa dzanjalo pakati pa zikhatho zawo, n'kuviika nsonga za zala m'kachitini atayamba ayesa ndi chala chawo ngati phula silikuotcha. Dzanja limenelo likanatha kupsa mwini wake osadziwa.

Chotsala chinali kupukuta. Analiveka sokosi yaubweya dzanjalo, ndipo apa pankafunika mphamvu. Mayi Ancha anadzuka pa maondo, n'kutsamira ndi mapewa monga amachitira posinja. Mtengo unayamba kuwala, kuyambira kumunsi kukwera. Mizere yake inaonekera ngati madzi a mtsinje. Che Umaru ankati, "Eya. Eya. Pomwepo."

Koma dzanja lamanzere linali litagwira paipi kuyambira m'mawa, ndipo mtengo wodzozedwa umaterera. Mayi Ancha atakankha kamodzi mwamphamvu, mfuti inapulumuka n'kutsetsereka pa maondo kulunjika kwa iwo. Inali pafupi moti akanangotambasula manja. Iwo anaponya manja onse awiri kumbuyo, n'kudumphira pambali. Mfuti inagunda m'mphepete mwa sitepe ya simenti.

Kulira kwake ndinakumva ndili m'chipinda. Kunali ngati nkhuni youma ikuthyoka.

Che Umaru anawerama n'kuikoka ndi lamba wake. Pakhosi pa mtengo, pomwe umawonda kumbuyo kwa chowombera, panali mng'alu wautali ngati chala.

"Bwanji simunaigwire?"

"Ndiigwire?"

"Inali m'manja mwanu!"

"M'manja mwanga sinakhalemo chikwatiwire. Mukawafunse alongo anu kumene aliko."

Che Umaru anagoneka mfuti pa maondo. Mayi Ancha anawavula sokosi, n'kupukuta phula m'zala zawo chimodzichimodzi, n'kukazimitsa mbaula.

Américo anabwera Loweruka lina m'mawa pa njinga yamoto, kumbuyo atamangirira thumba lopanda kanthu. Anapeza Che Umaru ali pakhonde. Analowa pabalaza, n'kutuluka atanyamula mfuti m'manja awiri, akuitembenuza padzuwa.

"Ee! Tio! Ndani wachita zimenezi?"

"Dzanja langa."

"Liti?"

Che Umaru analoza ndi chibwano dzanja limene linali pa ntchafu. Américo anawerama n'kulinyamula. M'zikhadabo munali mukadali phula. Analinunkhiza, n'kuyang'ana ku khichini, kumene mayi Ancha ankasinja khobwe atafulatira.

"Dzanja limeneli madokotala anati lafa," anatero.

"Madokotala sanalione likugwira ntchito."

"Chabwino, tio. Ngati ndi choncho, ndabwera ndi thumba pachabe."

Anali atatembenuka kale kuti akaibwezere pakhoma pamene chala chake chinakodwa pa mng'alu uja. Anaima. Anagwira paipi ndi dzanja limodzi, mtengo ndi linzake, n'kupinda pang'ono. Mng'aluwo unayasama.

"Ichi n'chiyani?"

"Inagwa."

"Iyi phula silingaichize. Ikufunika guluu ndi chopanira cha kalipentala. Mukaisiya, kuzizira kwa mwezi uno kuimaliza, tidzatola zidutswa ziwiri."

"Kalipentalayo abwere kuno."

"Sayenda ndi benchi lake, tio. Ndipo pomata ayenera kupala kaye, apo ayi guluu sagwira pa phula. Ine sindikukulandani. Koma akuluakulu ndikawauza chiyani, kuti ndinaiona itasweka n'kuisiya?"

Che Umaru anayang'ana pansi. Zimene ananena Américo zinali zoona, ndipo onse ankadziwa kuti mfutiyo ikatuluka pa chipata sidzabwereranso pa misomali ija. Américo anaigoneka bwinobwino pa mkeka umene unali pakhonde, n'kupita ku njinga kukamasula thumba ndi mphira zomangira.

Munsi unaleka kulira. Mayi Ancha anatuluka m'khichini, akupukuta manja pa kapulana, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati munthu amene akukapereka moni kwa mlendo. Sanazungulire khomo lakuseri. Anakwera pakhonde, n'kuwerama, n'kuinyamula mfutiyo ndi manja onse awiri. Anaigwira molakwika, paipi ikuloza pansi, mtengo uli pachifuwa pawo ngati mwana.

"Abiti Jafali!" Mawu a Che Umaru anatuluka osweka.

Américo anatembenuka thumba lili m'manja.

"Tia, mwachita chiyani?"

"Ndaigwira. Bwera utenge."

Anatambasula manja kumupatsira. Américo anayenda pang'ono, n'kuima m'munsi mwa sitepe.

"Ine zimenezo sindizikhulupirira," anatero. "Ndi nkhani za kumudzi."

"Ndiye tenga. Ikundilemera."

"Mayi anga ankangokuopsezani."

"Eya. Tenga."

Américo anayang'ana mfuti, n'kuyang'ana njinga yake. Anapinda thumba kawiri. Ananena kuti ataganiza bwino, kuyenda ndi mfuti kumsana m'tauni masana si nzeru, munthu angaimitsidwe panjira n'kuyamba kufunsidwa mafunso. Ananenanso kuti kalipentala uja masiku ano watanganidwa ndi zitseko za anthu. Anati adzabwera tsiku lina ndi galimoto. Njinga inavuta kulira, ndipo anachita kuikankha mpaka kunja kwa chipata.

Mayi Ancha anaimabe pomwepo. Kenako anatembenukira kwa amuna awo, ndipo Che Umaru anabweza dzanja lamanzere n'kulibisa m'khwapa.

"Musayandikire nayo."

"Ndiike kuti?"

"Mwaipha."

"Inafa kale mutapereka kachitsulo kaja. Ndikufunsa kuti ndiike kuti."

Mayi Ancha analowa nayo m'nyumba. Misomali inali patali kwa iwo, choncho anatuluka kudzatenga mpando wa mayi anga. Atamaliza anasamba m'manja pa chitsime nthawi yaitali, n'kubwerera ku mtondo.

Che Umaru anakana chakudya cha akazi awo kwa masiku angapo. Mayi anga ndiwo ankawapatsa mbale kuchokera mu mphika wathu, ndipo mayi Ancha ankatibwezera ufa ndi ndiwo mwakachetechete. Pogona Che Umaru ankatembenukira kukhoma linalo. Ana a ku Cuamba anaimba foni kufunsa chimene chachitika, chifukwa Américo anali atawauza, ndipo mayi Ancha anangoti, "Bambo anu ali bwino, akudya." Akuluakulu a kumudzi anatumiza mawu akuti nkhaniyo adzaikamba akadzakumana pa sadaka ina. Mpaka pano sanaikambe. Américo amabwerabe ndi mankhwala. Amakhala pakhonde, salowa pabalaza, ndipo za galimoto sanazitchulenso.

Mng'alu anaumanga mayi Ancha okha. Anagula guluu wa matabwa kumsika, n'kumulowetsa ndi kamtengo ka machesi, n'kukulunga pakhosipo ndi mphira ya chubu cha njinga mpaka atauma. Guluu wina anatuluka m'mbali n'kuuma ngati mamina, ndipo akuonekabe. Kalipentala sakanachita choncho. Koma sipanayasamenso.

Mitambo ya mvula itayamba kusonkhana chakumapeto kwa chaka, m'mawa wina ndinamva fungo la uchi. Che Umaru anali pampando pakhonde, atafunda bulangete. Mayi Ancha anali pa mkeka chapatali pang'ono, miyendo itatambasulidwa, mfuti ili pa ntchafu pawo. Kachitini kanali pa mbaula. Anayang'ana dzanja la amuna awo, n'kufunsa ngati alibweretse.

"Mukufuna inditembenukire? Chitani nokha."

Anaviika zala zawo m'phula n'kuyamba kupaka. Che Umaru ankayang'ana kumsewu, kumene kunkadutsa njinga zamoto. Koma maso ankabwerera.

"Mwachulutsa," anatero. "Imeneyo si bajiya yoti isambe m'mafuta."

Mayi Ancha anachotsako lina ndi m'mphepete mwa chikhatho.

"Bwererani kumunsi, mwasiya malo. Ayi, kumanja. Kumanja kwanu, Abiti Jafali, osati kwanga."

Anabwerera kumunsi. Mphepo inakankhira utsi wa mbaula kwa Che Umaru, iwo n'kutsokomola, ndipo anapempha kuti mpando wawo ausunthire pafupi pang'ono, pomwe angaone bwino.